Masabata Khumi a aNankhoma

Dzuwa likangotuluka, bokosi la pamwamba pa mlongoti wa kumanda a kwa Mphanjira linkatseguka lokha, ndipo atombolombo mazana atatu ankatuluka onse pamodzi. Sanali atombolombo a kudambo ayi. Awa anali a chitsulo chopepuka, mapiko awo ankamwa dzuwa, ndipo aliyense anali ndi diso limodzi lowerenga masamba zikwizikwi pa mphindi. Ankalowa m'nkhalango ya kumandako, mtengo ndi mtengo, nthambi ndi nthambi, pomwe timakina tina totchedwa nyerere tinkayenda pansi pa nthaka kuyeza mizu. Pofika naini koloko ntchito inkakhala itatha. Chiwerengero cha utsi umene mitengoyo yamwa chinkapita ku likulu, eni mafakitale a kutsidya kwa nyanja ankalipira, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mafoni a nkhalamba ankalira kuti penshoni yalowa.

Chinali chaka cha 2094. Zaka makumi awiri m'mbuyomo dziko linali litamaliza kubweza ngongole za makolo, litatsala mafupa okhaokha. Amene anaona zaka zimenezo sankafunanso kumva mawu oti kukongola. Anakhazikitsa Lamulo la Mbale Ziwiri, loti boma likaika kwacha pa mbale ya zogula, liikenso kwacha pa mbale ya zolowa, chaka chomwecho. Ndipo poti anthu anali atatopa ndi akuluakulu osolola, ntchito yoyang'anira mbalezo anaipereka kwa kompyuta yotchedwa Sikelo. Sikelo sinkadya ziphuphu, inalibe mlamu wofuna ntchito, ndipo munthu aliyense ankatha kuiimbira foni n'kuifunsa chimene akufuna. Inkayankha mwaulemu, ndipo bodza sinkalidziwa.

Komatu anthu ankafunabe penshoni kwa nkhalamba iliyonse, mankhwala aulere, phala ndi dzira kwa mwana aliyense wa sukulu. Ndalama zake zichokere kuti popanda kukongola? Msonkho unali utafika kale pakhosi. Apa m'pamene wina anayang'ana dziko kuchokera kumwamba n'kuona chinthu chimene aliyense ankachidziwa koma osachiganizira. Mitengo inali itatha ndi makala ndi zigafa za fodya, kupatula ya kumanda. Mudzi uliwonse unali ndi kachilumba kake kobiriwira kumene nkhwangwa inkaopa kulowa. Mayiko a utsi anali okonzeka kulipira aliyense wosunga mitengo ikuluikulu, ndiye zinangokumana. Akufa anayamba kudyetsa amoyo.

Vuto linaoneka patapita zaka zochepa. Adzukulu akamakumba manda ankadula mizu, mtengo n'kuyoyola masamba, chiwerengero n'kutsika, mbale imodzi n'kupendekeka. Boma silinaletse kuika maliro kumanda, linali lochenjera kuposa pamenepo. Linangoti wofuna kukumba akumbe, koma ndalama zimene zatayikazo zichotsedwe pa gawo la mudzi womwewo, kapena mwini maliro alipire zonse nthawi imodzi. Kwa ena onse linamanga Nyumba ya Mpumulo ku boma, yosanja kasanu, yaukhondo, ya mashelefu a simenti okhala ndi nambala. Anthu a kwa Mphanjira, pakamwa pawo posachedwa kupeka dzina, ankaitcha kugolosale. Ankaseka choncho, koma kwa zaka khumi ndi zinayi palibe anakumbapo manda m'mudzimo.

Woyang'anira atombolombo a m'deralo anali Ndaziona Chimkono, mayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi, wofatsa, wokhulupirira manambala kuposa anthu. Ntchito yake ankaikonda, ndipo anali ndi chifukwa. Mayi ake, aNankhoma, anali ndi moyo chifukwa cha mitengo imeneyo. Impso zawo zinasiya kugwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo ankavala impso yamagetsi m'chiuno, kabokosi kofanana ndi sopo wochapira. Lachisanu lililonse kandege kopanda woyendetsa kankatera pabwalo n'kusiya sefa yatsopano ya impsoyo. Sefayo inali yodula koopsa, koma aNankhoma sankalipira kanthu.

Mayiwa sanali nkhalamba yolankhula monong'ona. Pa utsikana wawo ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza pakati pa Mponela ndi Dowa, ndipo mawu okuwira makasitomala anakalamba nawo. Tsiku limene anabwerako kuchipatala, atakhala pakhonde miyendo atatambasula, anaitana mwana wawo ngati ali kutsidya kwa msewu, chonsecho anali pambali pawo pomwepo.

"Iwe Ndaziona! Dokotala uja wati chiyani paja? Miyezi itatu?"

"Wati mtima watopa, Amayi. Mwina miyezi itatu, mwina kuposa."

"Akati mwina kuposa ndiye kuti akungokusisita. Ine ndanyamula anthu zaka makumi atatu, ndimadziwa mafuta akamatha. Tamvera kuno. Kugolosale kuja ine ayi. Ndikufuna ndikagone pambali pa Elube."

Ndaziona anayang'ana pansi. Elube anali mkulu wake amene iye sanamuonepo. Anamwalira ndi malungo ali ndi zaka zisanu, m'zaka za ngongole zija, chipatala chili ndi mabedi ndi anamwino koma mankhwala mulibe. ANankhoma anazungulira naye zipatala zitatu pa njinga, atam'bereka kumbuyo, ndipo pofika chachitatu anali atazizira kale. Nkhaniyi sankaikamba kawirikawiri. Koma pa zaka zonsezo, maliro aliwonse akachitika, ankauza adzukulu kuti malo a kumanzere kwa mwanayo asawakhudze.

"Ndikafunsa," anatero Ndaziona.

M'mawa mwake, atombolombo atabwerera m'bokosi, anakhala mu kaofesi kake n'kuimbira Sikelo. Anaiuza malo ake enieni, poti mapu a kumandako ankawadziwa ngati chikhatho chake.

"Pepani ndi matenda, Mayi Chimkono," inatero Sikelo. "Malo amenewo ali pansi pa mbawa nambala 17. Ndi mtengo umene umalowetsa ndalama zambiri kuposa yonse ya kwa Mphanjira. Mukakumba pamenepo mudula mizu ikuluikulu inayi, ndipo mtengowo utaya theka la masamba ake chaka chino."

"Ndiye zikwana zingati?"

Sikelo inatchula chiwerengero. Ndaziona anatseka maso. Anali malipiro ake a zaka ziwiri.

"Mukapanda kulipira nokha," inapitiriza Sikelo, "ndichotsa pa gawo la mudzi. Chimene chikufanana nazo ndi mazira a ana mazana atatu a pa sukulu ya Mphanjira kwa teremu imodzi. Phala azimwabe, koma dzira ayi."

"Bwanji muzindidula pa malipiro anga mwezi ndi mwezi? Ngakhale zaka zisanu, ndavomera."

"Imeneyo ndi ngongole, Mayi Chimkono. Boma lingakhale litataya lero poyembekezera kulandira mawa. Lamulo silindilola."

Ndaziona ankalidziwa lamulolo. Ankaliphunzitsa yekha kwa ana a sukulu akabwera kudzaona atombolombo, ndipo ankalinena monyadira. Tsiku limenelo linamuwawa ngati nsapato yothina imene wagula yekha. Anayesa kwa abale, anayesa kumpingo, anafunsanso wogula zitsulo zakale za njinga ya mayi ake imene inali kuseri kwa nyumba. Zonse pamodzi sizinafike ndi kotala yomwe.

Atawauza mayi ake za mazira, aNankhoma anakwiya ngati wawatukwana.

"Mazira a ana? Iwe, ukundiona ngati ndani? Mitengoyi ikadayamba kulipira kale, bwenzi Elube ali ndi zidzukulu pano. Ndilande dzira m'kamwa mwa mwana wa mnzanga chifukwa cha mafupa angawa? Usadzayerekeze kukapempha zimenezo kwa anthu. Basi, kandiikeni pa shelefu. Mundisankhire yapansi, ndimaopa kugwa."

Anaseka okha, kenaka anatembenukira kukhoma. Masiku atatu otsatira sanakuwire munthu aliyense, ndipo nyumba inakhala zii moti Ndaziona ankasowa pokhala.

Lachinayi masana Ndaziona anapita kumanda wapansi. Ntchito yake inkamulola kulowako, ngakhale nthawi zambiri ankangoona zonse pa kompyuta. Panjira anakumana ndi a Filimoni Kaphwiti, amene kale anali mkulu wa adzukulu a m'mudzimo. Ntchito yokumba itatha anayamba kukonza mapampu a madzi, koma makasu awo ankawanolabe chaka ndi chaka, ndipo akazi awo ankati ndi misala.

"Mwana wa aNankhoma, ukupita kukaona antchito ako?" anafunsa a Kaphwiti. "Tiye ndikuperekeze. Ndamva za mayi ako."

Analowa limodzi. Munali mthunzi wozizira ndi fungo la masamba owola. Udzu unali utafika m'chiuno, ndipo mbuzi zitatu zinkadya mopanda mantha pamwamba pa mitumbira. A Kaphwiti anazigenda, kenaka anaima pansi pa mbawa yaikulu n'kuisisita.

"Uwu mumautcha chiyani ku ofesi kwanu?"

"Nambala 17."

"Ife timati Elube. Ndinaudzala ndine, ndili mnyamata, tsiku limene tinamuika. Unali kambande kotalika ngati chala changachi. Mayi ako anauthirira chilimwe chonse, madzi akubwera nawo pa njinga m'zigubu."

Ndaziona anawayang'ana. "Munaudzala? Ine ndimayesa mitengoyi inamera yokha."

"Yokha? Ha! Ana a sukulu inu. Uwo ndi a Gelesomu, mkuyu uwo. Muwanga uwo ndi aNasoko. Kuno kwathu tikaika munthu, timadzala mtengo kumutu kwake, anamfedwa n'kumauthirira mpaka utagwira. Chaka chilichonse mvula ikatha tinkabwera mudzi wonse kudzalambula, kuti moto usalowe. Panopa abwere ndani? Ana a masiku ano abale awo ali kugolosale, kuno alibeko wawo. Tayang'ana bwinobwino, mwana wanga. Undipezere mtengo umodzi wosafika zaka khumi ndi zinayi."

Ndaziona anayang'ana uku ndi uku. Anazungulira manda onse, udzu ukumucheka miyendo. Mitengo yonse inali ikuluikulu, ina itayamba kuuma nsonga, iwiri itagwa. Waung'ono panalibe ndi umodzi womwe. Anakumbukira kuti chiwerengero cha kwa Mphanjira chinkatsika pang'onopang'ono chaka chilichonse, ndipo iye m'malipoti ake ankalemba kuti ndi kuchepa kwa mvula. Anachita manyazi.

"Nanga mukadula mizu, mtengo suufa?"

"Umanyanyala chaka chimodzi ngati mkazi amene sunam'gulire chitenje, kenaka umaphuka kuposa kale. Ndakumba manda mazana angati ine? Palibe mtengo unafapo."

Ndaziona anathamangira ku ofesi, mtima uli m'mwamba ndi chiyembekezo. Anauza Sikelo zonse, ndipo anaipempha kuti ione zaka za mitengo m'manda onse a m'dziko. Sikelo inakhala chete masekondi anayi, chimene kwa iyo chinali nthawi yaitali.

"Mukunena zoona," inatero. "M'manda zikwi makumi atatu mulibe mtengo wodzalidwa chitsegulire Nyumba za Mpumulo. Zikapitirira chonchi, pakutha pa zaka makumi atatu ndalama za penshoni zidzatsika ndi theka. Zikomo kwambiri, Mayi Chimkono. Palibe anandifunsapo funso limeneli."

"Ndiye kuti manda a mayi anga si chitayiko! Tidzadzala mtengo wina. Udzabweza zonse, n'kuposa."

"Udzabwezadi, pakapita zaka makumi awiri ndi zisanu. Koma ine anandipatsa mbale za chaka chimodzi. Mbale ya zaka makumi awiri ndi zisanu ndilibe. Ndatumiza kale lipoti lanu ku Nyumba ya Malamulo, ndipo ndikukhulupirira kuti asintha. Akumana pakatha miyezi isanu."

"Amayi alibe miyezi isanu."

"Ndikudziwa. Pepani."

Madzulo ake anawafotokozera mayi ake zonse, akuyesa kuti mwina ziwasangalatsa kumva kuti anzawo a m'tsogolo adzagona kwawo. ANankhoma anamvetsera mwachidwi, makamaka pamene anamva kuti mbawa ya Elube ndiyo inkalowetsa ndalama zambiri.

"Ndiye kuti mwana wanga uja ali pa ntchito?" anatero, maso akuwala. "Akudyetsa sukulu yonse? Ndinkadziwa ine kuti ameneuja sadzakhala waulesi." Kenaka anafunsa ngati nkhani yongocheza. "Paja a Lunguzi a sitolo aja anatani ndi penshoni yawo?"

"Anaikana. Anati ali nazo zokwanira, ndiye anauza Sikelo kuti ndalamazo zigule madesiki a sukulu. Lamulo limalola munthu kukana thandizo lake n'kunena kumene lipite, bola m'mudzi momwemo."

"Oho," anatero aNankhoma. "Anthu olemera ali ndi mitima yabwino masiku ano."

Kuyambira tsiku limenelo anayambanso kukuwa. Anatuma anthu kukaitana anzawo akale a kabaza, anagawa zitenje zawo, anadya chinangwa chootcha chimene dokotala anawaletsa. Ndaziona anasangalala, poganiza kuti mayi ake avomereza za shelefu.

Lachisanu la sabata yotsatira, kandege sikanabwere. Ndaziona anadikira pabwalo mpaka teni koloko, akuyang'ana kumwamba. M'zaka zisanu ndi chimodzi kandegeko sikanachedwepo ndi mphindi imodzi. Anaimbira Sikelo ali chiimire pomwepo.

"Sefa ya amayi sinafike. Kandege kawonongeka?"

"Ayi, sikanawonongeke. ANankhoma anaikana sefayo Lolemba."

"Anaikana bwanji?"

"Anandiimbira n'kundifunsa kuti boma limawononga ndalama zingati pa iwo sabata iliyonse. Ndinawauza. Anafunsanso kuti manda a pansi pa mbawa akufanana ndi masabata angati. Ndinawauza kuti khumi. Ndiye anakana sefa ndi penshoni za masabata khumi, n'kunena kuti ndalamazo zitseke chitayiko cha mbawa nambala 17. Ndinawafotokozera katatu chimene chidzachitike m'thupi mwawo, ndinawalumikiza ndi dokotala, ndipo dokotala anatsimikiza kuti mutu wawo ukuyenda bwino. Ndinawapempha kuti akuuzeni. Anati akuuzani okha. Chilolezo chokumba chatuluka kale."

Ndaziona anakuwa pa foniyo. "Bwezani! Tumizani sefayo lero lomwe!"

"Angabweze ndi eni ake okha, Mayi Chimkono. Akangonena mawu amodzi, kandege kafika pasanathe ola. Ndikhala ndikudikira."

Anawapeza mayi ake kuseri kwa nyumba, atakhala pa mpando pafupi ndi njinga yawo yakale, akuipukuta fumbi ndi kansanza.

"Amayi, mwachita chiyani?"

"Wamva eti? Makina aja ndi a miseche."

"Mwagulitsa moyo wanu!"

"Ndagulitsa masabata khumi ogona pamphasa n'kumayang'ana denga, iwe ukunditawasa ngati khanda. Ndipo sindinapemphe munthu. Dzira la mwana aliyense lili pomwepo, boma silinakongole, mbale zako zili bwinobwino. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutsutsana mitengo ndi makasitomala, koma malonda abwino ngati awa sindinawachitepo."

"Imbani foni, Amayi. Chonde. Mawu amodzi okha."

"Ayi."

"Ndikupemphani. Tidikire, mwina a Nyumba ya Malamulo afulumira."

"Unawaonapo atafulumira? Ndaziona, mwana uja ndinamusiya yekha m'thengo muja zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinamuuza kuti ndikubwera. Ankaopa kugona yekha, ngakhale masana."

Apa Ndaziona analephera kudzigwira. Anagwada n'kugwira maondo a mayi ake, misozi ili chuchuchu.

"Nanenso ndine mwana wanu, Amayi. Masabata amenewo anali anga."

ANankhoma anasiya kupukuta.  Anaika dzanja pamutu pa Ndaziona n'kumusisita ngati kamwana, ndipo pamene analankhula mawu awo anali apansipansi.

"Ndikudziwa. Ndakubera, ndipo sindikana. Koma iwe ndakhala nawe zaka makumi anayi ndi zinayi. Uja ndinakhala naye zisanu zokha. Undikhululukire, mwana wanga."

Ndaziona anawapemphanso Loweruka, anawapemphanso Lamulungu atabwera ndi abusa, ndipo abusawo anatuluka m'nyumbamo akupukusa mutu, atapatsidwa chipewa cha njinga ngati mphatso. Lolemba anasiya kupempha. Anatenga tchuthi ku ntchito n'kukhala pambali pa mayi ake, akumva nkhani zimene anali asanazimvepo: za kasitomala amene anabereka ali pa njinga, za mmene anakumanirana ndi malemu bambo ake, za nyimbo imene Elube ankaimba molakwitsa. Anamwino ankabwera kawiri pa tsiku ndi mankhwala oletsa ululu, amene aNankhoma sanawakane. Foni inali pampando nthawi yonseyo, Sikelo ikudikira, koma palibe anaikhudza.

ANankhoma anamwalira tsiku la khumi ndi chiwiri chikanire sefa ija, m'mawa, atombolombo akutuluka m'bokosi.

A Kaphwiti anatulutsa makasu awo onola aja. Anyamata a m'mudzimo sankadziwa ndi kagwiridwe komwe, ndiye mkuluyo ankawakalipira uku akuwaphunzitsa, kuti muzu uwu dulani, uwu ulambalaleni. Azimayi analambula udzu kuti anthu apeze poponda, ndipo polambulapo ambiri anapeza mitumbira ya abale awo imene anali ataiwala malo ake. Panali kulira kwa maliro amodzi, koma olira ankalirira anthu ambiri. Atakwirira, a Kaphwiti anatulutsa kambande ka mbawa m'chitini, chifukwa mbande ankafesabe kuseri kwa nyumba yawo zaka zonsezo popanda wozifuna. Anakapereka kwa Ndaziona kuti akagwire iwo akufotsera.

"Uzithirira kawiri pa sabata mpaka mvula itagwa," anatero. "Ukaiwala, mayi ako umawadziwa pakamwa pawo."

Nkhani ya aNankhoma inayenda mofulumira kuposa lipoti la Ndaziona. Inafika ku Ntchisi, inafika ku Dedza, inawoloka mpaka kumene sankadziwa kuti kwa Mphanjira n'kuti. Patapita mwezi umodzi, Sikelo inamuimbira yokha, chinthu chimene inali isanachitepo.

"Mayi Chimkono, ndili ndi nkhawa, ngati mawu amenewa ndingawagwiritse ntchito. Chimwalirire mayi anu, nkhalamba mazana asanu ndi limodzi zandiimbira. Zonse zikufunsa funso limodzi, kuti boma limawononga zingati pa ine sabata iliyonse."

"Ndiye mukuwauza?"

"Sinditha kunama. Ena sakufunanso manda ayi. Agogo ena dzulo afunsa kuti akakana mankhwala awo a mtima, denga la sukulu ya zidzukulu zawo lingafoleredwe kodi. Ndinawauza kuti inde, chifukwa ndi zoona. Ndime ya lamulo yolola munthu kukana thandizo lake anailembera anthu olemera. Sindinaganizepo kuti osauka adzapeza chopereka."

Aka kanali koyamba kuti a Nyumba ya Malamulo afulumire. Anakumana mwadzidzidzi sabata yomweyo. Anatseka ndime ija kuti munthu asamakanenso thandizo losunga moyo wake pofuna kulipirira china, ndipo anapatsa Sikelo mbale yachitatu, ya zaka makumi atatu, kuti mtengo wodzalidwa lero uziwerengedwa. Kukumba manda kunakhala kwaulere kwa aliyense wodzala mtengo. Tsiku limene lamulolo linasainidwa, Ndaziona anawerenga pa kalendala ya mu ofesi. Inali sabata yachisanu ndi chinayi mwa masabata khumi aja. Mayi ake akanakhala alipo.

Sanauze munthu zimenezi. Anatenga chigubu, anatunga madzi, n'kupita kumanda. Mbawa ya Elube inali itayoyola theka la masamba, monga Sikelo inanenera, ndipo kunsonga kwa nthambi kunali kutayamba timasamba tofiirira, monga a Kaphwiti ananenera. Kumanzere kwake kambande kaja kanali katagwira. Akuthirira, tombolombo mmodzi wotsalira anatsika, anaima m'malere pamwamba pa kambandeko, n'kuuluka. Foni ya Ndaziona inalira. Mtengo watsopano, nambala 212, masamba asanu ndi awiri.

Kumapeto kwa chaka wailesi inalengeza kuti penshoni zonse zalipidwa, ana onse adya mazira awo, ndipo kwa chaka cha makumi awiri motsatizana dziko silinakongole ngakhale tambala imodzi. Anthu anaomba m'manja, ndipo zinali zoona. Ndaziona anazimitsa wailesiyo n'kukakhala pakhonde, pamalo pamene mayi ake ankatambasulira miyendo. Iye yekha ankadziwa kuti chaka chimenecho dziko linakongola ndithu, masabata khumi kwa mwana wa aNankhoma, ndipo panalibe mbale imene ikanawabweza.